Kachewere, machesi ndi molekyu yokana kuzungulira

Ndimaphunzitsa Chemistry pa sekondale ina yoyendera kuno ku Dedza, chakumtunda kumene m'mawa wa mwezi wa Juni choko chimapulumuka m'manja chifukwa zala zauma ndi chisanu. Pasukulu pathu palibe timipira ndi timitengo tapulasitiki tija anzathu a m'tauni amalumikiza poonetsa maonekedwe a mamolekyu. Ife chuma chathu ndi kachewere. Ndimatola wamng'onowamng'ono uja amalonda amasiya pansi pa thumba, n'kugula bokosi la machesi. Kachewere ndiye kaboni, mitu ya machesi ndiyo haidrojeni. Ndaphunzitsa choncho zaka zambiri ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma panali chinthu chimodzi chondisowetsa mtendere. Mwana ukamuuza kuti apange methane, CH4, amabaya machesi anayi aja mopingasa ngati mtanda, onse atagona pa desiki, poti ndi mmene amaionera m'buku ndi pa bolodi. Ukamuuza kuti pakati pa ndodo ziwiri zilizonse pali madigiri 109.5 osati 90, amavomera, amalemba, amaloweza, koma mtanda uja m'mutu mwake sunachoke. Tikafika pa ma isomer, mamolekyu okhala ndi maatomu ofanana koma olumikizana mosiyana, mu Fomu 4 ndiye zimaonekera poyera. Mwana amajambula butane yemweyo atangomupinda pakona, n'kukweza mkono monyadira kuti wapeza isomer yatsopano.

Tsiku lina mlongo wanga wamng'ono, amene akuphunzira za sayansi ku Zomba, ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Pa sikirini pake panali molekyu ikuzungulira, iye akuitembenuza uku ndi uku ngati mayi akusankha tomato pamsika wa Lizulu. Pansi pake analemba kuti, "Achemwali, izi n'zaulere. Mungofunika browser basi." Mawu oti "basi" amenewo anandidyera milungu itatu ndi mabandulo amene sindifuna kuwawerenga. N'chifukwa chake ndati ndilembe, kuti mnzanga wina asayende mtunda wonse ndinayenda ine.

Laputopu yanga ndi yakaunjika, ndinaigula ku Lilongwe zaka zapitazo. Miyezi ingapo izi zisanachitike inagwidwa ndi mavairasi, ndipo mnyamata wina wokonza makompyuta paboma anafufuta zonse n'kuikamo Windows 7 mwatsopano. Nditakaitenga ndinaona kuti zilembo zakula, zithunzi za anthu zikuoneka zonenepa, ndipo pulojekita imangogwira ndikailumikiza laputopu isanayatsidwe. Ndinangoti bola ikuyaka. Mukumbukire zimenezi, chifukwa matenda onse anali pamenepa ine osadziwa.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kosayeserera kunyumba. Ndinabwereka pulojekita kwa ahedi, ana anatchinga mawindo ndi zitenje, ndinayatsa hotspot pa foni, n'kutsegula tsamba limene mlongo wanga ananditumizira mu Firefox. Mawu onse anatuluka bwinobwino. Pamalo pamene panayenera kukhala molekyu panangokhala bokosi lakuda bii, ndi kamzere ka Chingerezi kotchula mawu amene ndinali ndisanawamvepo, WebGL. Ndinadina kuti tsamba libwerenso, kawiri, katatu. Mnyamata wina wa kumbuyo, wa nthabwala zake, anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Madamu, ndiye kuti methane ndi wakuda chonchi?" Kalasi lonse linafa nacho chiseko. Ndinatseka laputopu n'kutulutsa kachewere m'jumbo.

Mu stafu rumu aliyense anali ndi maganizo ake. Wina anati ndi netiweki, wina anati vairasi yabwereranso. Ahedi anati, "Madamu, kompyuta yanuyi yakalamba, muyambe kusunga ya ina." Ndinatsala pang'ono kuwakhulupirira.

Madzulo ake ndinasakasaka masamba ena. Ndinapeza limodzi la yunivesite ina yakunja, lokonzedwa bwino, la ma alkane okhaokha, koma pamalo pa molekyu linkati pakufunika Java. Ndinati eya, ndapeza chosowa. Ndinadikira bandulo ya usiku, kutsitsa Java, kuiika, kuyatsanso kompyuta. Palibe chinasintha. Ndinaichotsa, kuiikanso. Chimodzimodzi. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ndinkathira madzi m'dengu. Kale masamba ambiri a Chemistry ankaonetsa mamolekyu kudzera mu kapulogalamu ka Java kokhala m'kati mwa tsamba, kotchedwa applet. Chrome inasiya kulola zoterezi mu 2015, Firefox inatsatira mu 2017. Tsamba limene silinakonzedwenso chichokereni nthawi imeneyo silingaonetse molekyu mu browser ya masiku ano, kaya muike Java kakhumi. Mukaona tsamba likupempha Java kapena plugin, musawononge bandulo, lisiyeni. Vuto ndi la tsambalo, si la kompyuta yanu.

Safunsa anadya phula. Loweruka ndinamuimbira mlongo wanga ndipo ndinayamba ndi kumukalipira. Iye anaseka kaye, kenaka anati, "Achemwali, tisayambe ndi molekyu. Lembani get.webgl.org mundiuze chimene mukuona."

Tsamba limenelo ndi laling'ono kwambiri, silidya bandulo. Ngati zonse zili bwino, limaonetsa kabokosi ka mizere kakuzungulira. Mu Firefox yanga kabokosi sikanabwere. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti nkhani si ya Chemistry ayi, ndiponso si ya tsamba lija ndinatsegula m'kalasi. Browser yanga sinkatha kujambula chinthu chilichonse cha 3D. Ndikanadziwa kayesedwe aka tsiku loyamba, sindikanataya sabata yonse ndikusinthasintha masamba.

Mmene anandifotokozera, ndi mmene inenso ndikumvera tsopano, zili chonchi. M'kompyuta muli kachipangizo kapadera kojambula zithunzi, kamene amakatcha GPU. WebGL ndi njira imene tsamba la pa intaneti limapemphera kachipangizo kameneka, kudzera mu browser, kuti kajambule zinthu zokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Njirayi inakhazikitsidwa ndi bungwe la Khronos Group mu 2011, ndipo yachiwiri yake, WebGL 2, inabwera mu 2017. Zoonetsera mamolekyu zambiri za masiku ano, monga 3Dmol.js, NGL ndi Mol*, zimadalira imeneyi. Koma browser siyankhula ndi GPU mwachindunji. Pakati pawo pali kapulogalamu kotchedwa driver, osati wa minibasi, kamene kali ngati womasulira pakati pa kapitawo ndi mmisiri. Womasulira akasowa, mmisiri amangokhala manja lende ngakhale ali ndi mphamvu zake zonse. Ndiye unyolo wake ndi tsamba, browser, driver, GPU. Pakaduka pamodzi, chimene mumaona n'chimodzimodzi: bokosi lakuda. Ntchito yonse ndi kupeza pamene paduka.

Tinayesa Chrome. Kumeneko kabokosi kanabwera, koma kakuyenda modukizadukiza ngati ngolo pamsewu wa mabampu. Methane inatseguka, ndinasangalala pang'ono. Nditayesa molekyu yaikulu, fani ya laputopu inayamba kulira, mbewa osayenda, mpaka ndinachita kuizimitsa ndi batani. Mlongo wanga anati ndilembe chrome://gpu pamalo polemba adiresi. Pamatuluka tsamba lodzaza ndi zolemba zoopsa, koma musachite nalo mantha, chofunika chili pamwamba penipeni. Pali mndandanda, ndipo pa mzere wa WebGL pamalembedwa "Hardware accelerated" ngati GPU ikugwira ntchito. Kwa ine panalembedwa "Software only". Tanthauzo lake n'lakuti purosesa ndi imene inkasenza ntchito yojambula yokha, ngati munthu wotuta njerwa pamutu wilibala ili poteropo. Njerwa ziwiri zitatu atha, koma za nyumba yonse agwa nazo. Mu Firefox zofanana ndi zimenezi mumazipeza polemba about:support n'kutsikira pa gawo la Graphics.

Choyamba kuona, chifukwa n'chosavuta, ndi mu Settings ya Chrome, pa gawo la System. Pali kabatani kolola browser kugwiritsa ntchito GPU. M'ma Chrome akale kamalembedwa "Use hardware acceleration when available", m'atsopano "Use graphics acceleration when available". Kakakhala kozimitsa, kayatseni ndipo mutseke browser yonse n'kuitsegulanso. Mnzanga wina wophunzitsa Biology vuto lake linali lokhali, anathana nalo pa mphindi imodzi, ine n'kumuchitira kaduka. Kwanga kanali koyatsa kale.

Pano ndiulule chinthu china chimene ndinachita ndekha usiku, mlongo wanga atagona. Ndinawerenga penapake kuti mu chrome://flags muli chosankha chotchedwa "Override software rendering list", ndipo mu about:config ya Firefox muli webgl.force-enabled. Opanga ma browser amasunga mndandanda wa ma GPU ndi ma driver odziwika kuti amavuta, ndipo akapeza anu pa mndandandawo amazimitsa WebGL dala kuti kompyuta isamagwe. Zosankha ziwirizi zimauza browser kuti inyalanyaze mndandandawo. Ndinayatsa zonse. Sizinathandize kanthu, chifukwa kukakamiza kapitawo sikubweretsa womasulira amene kulibe. Anthu ena zimawathandiza, makamaka amene driver ali naye koma ndi wakale ndipo watsopano kulibe. Maganizo anga ndi akuti izi zikhale zomalizira, osati zoyambira, ndipo mukayesa n'kuona sikirini ikuphethira kapena browser ikudzitsekera yokha, bwezerani mmene zinalili.

Chimene chinaulula zonse ndi Device Manager. Mukadina Start n'kulemba dzina limeneli imabwera. M'menemo muli mzere wa "Display adapters". Nditautsegula ndinapeza mawu akuti "Standard VGA Graphics Adapter". Ndinamuwerengera mlongo wanga pa foni, iye n'kuti, "Basi achemwali, wakuba tamugwira." Dzina limenelo si la GPU yanu. Ndi driver wongogwirizira amene Windows imagwiritsa ntchito pamene driver weniweni palibe, kuti muzingoona kanthu pa sikirini. Pa Windows 10 dzina lake ndi "Microsoft Basic Display Adapter". Pamene payenera kuoneka dzina lenileni, monga Intel HD Graphics, kapena la AMD, kapena la NVIDIA. Mnyamata wa paboma uja ataika Windows mwatsopano sanaike driver wa zithunzi. Zilembo zikuluzikulu zija, anthu onenepa aja, pulojekita yovuta ija, zonse zinkandiuza nkhani yomweyi kwa miyezi, ine osamva.

Sindikumunena mnyamatayo. Pa ndalama imene ndinamupatsa, ndi mzere wa anthu umene unali pakhomo pake, ndikumvetsa. Koma tsopano ndikapititsa kompyuta kokonzetsa, ndisanalipire ndimatsegula Device Manager pomwepo iye akuona.

Kupeza driver woyenera kunafuna kudekha. Pansi pa laputopu pamakhala kapepala kolembedwa mtundu ndi nambala yake, ndipo malo abwino kuyambira ndi tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo. Kapepala kanga kanali katafufutika. Njira ina ndi iyi: mu Device Manager momwemo, dinani kumanja pa dzina lija, Properties, Details, n'kusankha "Hardware Ids". Pamabwera mzere wokhala ndi VEN_ ndi manambala kapena zilembo zinayi zosonyeza kampani imene inapanga GPU. 8086 ndi Intel, 10DE ndi NVIDIA, 1002 ndi AMD. Manambala otsatira DEV_ ndi amene amatchula mtundu weniweni wa kachipangizoko. Yanga inali 8086. Muonenso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, podina kumanja pa Computer n'kusankha Properties, chifukwa ine ndinayamba ndatsitsa yolakwika, fayilo ya ma MB opitirira 100, ndipo inakana kulowa. Usiku wina unapita pamenepo. Chenjezo lina: mukasaka driver pa intaneti mudzakumana ndi masamba ambirimbiri okhala ndi mabatani akuluakulu obiriwira, olonjeza kukukonzerani ma driver onse kamodzi. Athaweni. Tengani kwa amene anapanga laputopu kapena amene anapanga GPU basi.

Driver wachiwiri analowa. Sikirini inathima, inayaka, inathimanso, mtima wanga uli m'mwamba. Itayakanso zilembo zinali zazing'ono zooneka bwino, ndipo chithunzi cha mwana wanga chinabwerera thupi lake lenileni. Pa get.webgl.org kabokosi kanazungulira mosadukiza, mu Chrome ndi mu Firefox momwe. Inali cha m'ma 1 koloko usiku, kunja kukuzizira koopsa, ine ndikuvina ndekha pabalaza nditafunda bulangeti. Laputopu imene ankati yakalamba ija.

Komabe pa ukalamba ahedi sananame kwathunthu. Chrome yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi 109, ya kumayambiriro kwa 2023, ndipo Firefox inaima pa 115. Ma browser amenewa sapitanso patsogolo pa Windows 7, pamene masamba akusinthabe. Lero zikugwira, koma tsiku lina tsamba lidzafuna chinthu chimene browser yanga ilibe. Ngati kompyuta yanu ingathe kunyamula Windows yatsopanoko kapena Linux, ganizirani zimenezo musanakakamizike.

Nditakonza, ndinabwereranso pa tsamba la RCSB, kumene kuli Protein Data Bank, nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni ndi mamolekyu ena akuluakulu. Nkhokwe imeneyi inayamba mu 1971 ndi mamolekyu 7 okha, lero muli oposa 200,000, onse aulere. Choonetsera chake ndi Mol*, ndipo masiku a mavuto aja chinkandipatsa uthenga wakuti WebGL palibe, mwina chifukwa cha browser yakale, driver, kapena nyengo yoipa. Olemba ake ankangocheza, koma ine powerenga ndili m'kati mwa nkhungu ya ku Dedza ndinayang'anadi pawindo. Tsopano ndinalemba 4HHB, imene ndi haemoglobin ya munthu, ndipo inabwera yonse: maunyolo anayi, ma amino acid 574, ndi magulu anayi a haem, lililonse lili ndi atomu ya ayironi pakati, pamene okosijeni amakakamira. Ndinaitembenuza kwa nthawi yaitali osaganizanso za tulo.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera apa. Ayi ndithu. Lolemba lake ndinalowa m'kalasi monyadira, pulojekita inagwira, koma netiweki inathawa. Kuno kumapiri zimachitika, umachita kukaima pachulu kuti uthenga upite. Ndinaimanso pamaso pa ana ndi tsamba loyera.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chimene ndikanakonda wina akanandiuza poyamba penipeni: m'kalasi musadalire intaneti. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Jmol imene imakhala m'kompyuta mwanu momwemo, siifuna browser, siifuna WebGL, ndipo imajambula yokha mosadalira GPU, moti imayenda ngakhale pa makompyuta ofooka. Imangofuna Java. Java ija ndinatsitsa molakwitsa inapeza ntchito yake pamenepa. Jmol imapezeka pa SourceForge ngati fayilo ya zip. Muimasule kaye yonse mu foda, kenaka mutsegule Jmol.jar. Kwa ine nditadina Jmol.jar inatseguka ngati zip ina, n'kundionetsa mafayilo ambirimbiri, chifukwa pulogalamu yomasulira zip inali itadzitengera mafayilo onse a .jar. Zikatero dinani kumanja, "Open with", musankhe Java, kapena mutsegule jmol.bat imene ili mu foda yomweyo.

Ilinso ndi m'bale wake, JSmol, amene amagwira m'kati mwa browser popanda Java ndiponso popanda WebGL. Masamba ambiri amene kale ankafuna applet anasamukira kwa ameneyu. Pa tsamba loonetsera mamolekyu la MolView, mtundu umene ndinkagwiritsa ntchito ine, mu menyu ya Model munali posankha injini yojambulira, ndipo JSmol inali pomwepo pamodzi ndi GLmol ndi ChemDoodle. Amachedwerapo pa mamolekyu akuluakulu, koma pa methane, ethanol ndi ena a silabasi yathu amakwana. Ngati driver wakukanikani kupeza, njira ndi imeneyi.

Mamolekyu ake ndinkatsitsa kunyumba ku PubChem, nkhokwe ina ya mamolekyu ya pa intaneti, n'kusunga pa fulashi. Aliyense ali ndi nambala yake: methane ndi CID 297, ethanol 702, madzi 962. Ndipo apa ndinagwanso m'dzenje lina, lochititsa manyazi kuposa onse. Ndinatsitsa mafayilo khumi ndi awiri, kuwatsegula mu Jmol, ndipo ankaoneka bwino. Nditatembenuza ethanol cham'mbali, inasanduka kamzere. Inali yophwatalala ngati mkeka. Ndinayamba kukayikira driver uja, kukayikira Java, kukayikira Jmol. Vuto linali langa: PubChem imapereka mafayilo a SDF amitundu iwiri, ya 2D imene ndi chojambula cha papepala, ndi ya "3D Conformer". Ine ndinatenga ya 2D yokhayokha. Dzina la fayilo limanena lokha, ina imayamba ndi Structure2D, ina ndi Conformer3D. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani fayiloyo mu Notepad. Atomu iliyonse ili ndi manambala atatu osonyeza pamene ili, ndipo ngati lachitatu ndi 0.0000 kuyambira pamwamba mpaka pansi, molekyu yanu ndi yogona. Tangoganizani, ndinavutika milungu itatu kuti ndichotse mtanda m'mitu ya ana, n'kutsala pang'ono kuwaonetsa mtanda womwewo pa pulojekita.

Za mafoni ndinene mwachidule. Ndinatumiza adiresi ya tsamba lina pa gulu la aphunzitsi a sayansi a m'dera lathu, ndipo theka anati sizikutseguka. Ambiri mwa iwo ankatsegulira mu Opera Mini, imene timaikonda chifukwa chosunga bandulo. Ikakhala pa kusunga kwambiri, tsamba limayamba lakonzedwa ndi kufinyidwa pa makompyuta a kampaniyo lisanafike pa foni yanu, choncho chinthu chofuna kutembenuzidwa ndi chala sichingagwire. Atatsegula adiresi yomweyo mu Chrome ya pa foni, ambiri zinatheka. Mayeso ake ndi omwe aja, get.webgl.org.

Lachinayi lotsatira ndinalowa ndi fulashi, foni ili m'chikwama. Ndinatsegula methane mu Jmol. Kaboni wotuwa pakati, mahaidrojeni oyera anayi. Ndinaiika dala moti ioneke ngati mtanda wa m'buku, ndipo ana anati eya, ndi yomweyo. Kenaka ndinaikoka pang'onopang'ono ndi mbewa. Munamveka kuti "aaa" kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Mtsikana wina amene sayankhulayankhula anati, "Madamu, ili ngati mafuwa atatu, ndiye inayo yaima pamwamba ngati mthiko." Ndaphunzitsa mawu oti tetrahedral zaka zonsezi, koma sindinawafotokozepo bwino chotero.

Mu Jmol mukhoza kuyeza. Mumadina kawiri pa atomu yoyamba, kamodzi pa yapakati, kawiri pa yomaliza, ndipo ngodya imalembedwa pomwepo. Ndinaitana mnyamata wa nthabwala uja kuti ayeze yekha. Dzanja likunjenjemera pa mbewa, analakwitsa kawiri, kachitatu panatuluka 109.5. Anasankha mahaidrojeni ena awiri, 109.5. Anayesanso ena, akufuna kundigwira bodza. Kenaka tinayeza kutalika kwa kaboni ndi haidrojeni, pafupifupi 0.109 nm (nanomita), ndipo pa ethane ndi ethene anaona okha kuti ma kaboni olumikizana kawiri ali pafupi, cha pa 0.134 nm, kusiyana ndi olumikizana kamodzi, cha pa 0.154 nm.

Pa ma isomer ndinatsegula butane ndi 2-methylpropane, onse C4H10. Butane ndinamutembenuza mbali zonse kuti aone kuti unyolo wake ndi wokhotakhota kale, ndipo kuupinda papepala sikubala chinthu chatsopano. Winayo, mungamutembenuze bwanji, kaboni wapakati amakhalabe wagwira anzake atatu. Ndinawauza kuti kusiyana kumeneku kumafika mpaka pa kuwira: butane amawira cha pa −0.5 °C, mnzakeyo cha pa −12 °C, ngakhale maatomu ndi omwewo.

Nthawi itatsala pang'ono ndinawaonetsa haemoglobin ija, imene ndinali nditaisunganso pa fulashi. Wina anafunsa kuti mahaidrojeni ali kuti, poti sankaoneka. Funso labwino, ndipo aphunzitsi anzanga mulikonzekere, musadzayambe kukayikira pulogalamu ngati mmene ndikanachitira ine. Mamolekyu ambiri a mu Protein Data Bank anapezedwa pogwiritsa ntchito X-ray, imene kawirikawiri siona haidrojeni chifukwa ali ndi elekitironi imodzi yokha, choncho m'mafayilo ambiri mulibe. Wina anafunsa za matenda a sickle cell, poti kwawo kuli mwana wodwala. Ndinamuonetsa malo a nambala 6 pa unyolo wa beta, pamene mwa odwala matendawa amino acid wotchedwa glutamic acid amalowedwa m'malo ndi wina, valine. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Pamenepa pokha, Madamu?" Ndinati pamenepo pokha.

Belu litalira ndinagawa kachewere ndi machesi monga kale, kuti gulu lililonse lipange methane lisanatuluke. M'magulu khumi, asanu ndi atatu anaimika miyendo itatu pansi, umodzi m'mwamba. Awiri anapangabe mtanda, ndipo anzawo ndi amene anawazula machesi n'kuwabayira pena, ine ndili chete ndikupinda waya wa pulojekita. Fulashi ija tsopano yazungulira sukulu zitatu za m'dera lathu, muli Jmol, Java, mafayilo a 3D okhaokha, ndi driver wa laputopu yanga mu foda imene ndinailemba kuti "OSAFUFUTA". Sabata yatha inabwerako ndi vairasi, ndiye Loweruka lino ndili ndi ntchito yoikonzanso.